Dzina la Bambo mu Kaundula

Foni inalira Shakiba akusankha mphesa zouma pakhonde la mkati mwa mpanda. Ataona dzina la woimbayo mtima unadumpha, chifukwa Farangis sanali munthu woimba foni. Chichokere mumzinda wawo wa Herat kupita kunja kwa dziko, mnzakeyo ankangotumiza timauthenga tifupitifupi topanda ndi moni womwe, ngati zilembo amachita kugula. Koma tsiku limeneli anaimba.

"Uli wekha?" anafunsa Farangis.

"Amayi ali kuseri, akuchapa. Kwagwanji?"

"Dzulo a boma anagwira mphunzitsi wa masamu uja wa kudera la Injil, akutuluka mu mzikiti. Anamutchulira dzina lake, dera lake, ndi mitu ya maphunziro ake umodziumodzi, ndendende mmene zilili mu kaundula wathu. Shakiba jan, wokondedwa wanga, anthuwa ayamba kuwerenga kaundula."

Mphesa zabwino zimene zinali m'manja mwake Shakiba anaziponya m'mbale ya zoola osazindikira.

Kaundulayo sanabadwe ali chinthu choopsa. Anayamba masukulu onse akadali otsegula, aphunzitsi atatopa ndi kubwerekana mapepala ofufutika. Aliyense akakonza phunziro labwino ankaliika pa intaneti, kenako n'kulilembetsa mu kaundula: mutu wake, kalasi yake, chinenero chake, dzina la wolemba ndi dera limene amakhala. Mphunzitsi wa kumapiri akafuna phunziro la mapapo ankangofufuza mu kaundulamo, n'kulipeza. Zina zonse munthu ankatha kudumpha, koma osati malo a dzina la wolemba. Ukasiya posalemba, kompyuta inkakakamira pomwepo, kumangokuonetsa mzere wofiira ngati mphunzitsi wouma mtima.

Tsiku loyamba Shakiba anauyang'ana mzere wofiirawo nthawi yaitali. Kwawo dzina la mkazi silituluka pachipata. Kuchipatala iye ankalembedwa kuti mwana wa Yaqub. Amayi ake ankadziwika kuti amake Idris, ngakhale Idrisyo, mchimwene wake wa Shakiba, anapita kalekale ku Iran kukanyamula njerwa ndipo sankalemba ndi kalata yomwe. Pamanda a agogo ake panalembedwa dzina la mwana wawo wamwamuna, eni manda osatchulidwa. Kulemba kuti Shakiba pamalo pamene mwamuna aliyense angawerenge kunali ngati kupita kumsika mutu uli pamtunda. Anzake ena anapeka mayina, wina wa duwa, wina wa mbalame, koma iye anaona kuti limenelo ndi bodza, komanso ulemu ukabwera udzasowa khomo lolowera. Choncho anachita zimene mwana woleredwa bwino amachita. Analemba dzina la bambo ake, Yaqub Sarwari, wa kudera lawo la Darbi Khush.

Shakiba anasangalala nazo mumtima. Bambo wophika buledi, amene sanagwirepo cholembera chibadwire, dzina lawo linakhala pakati pa mayina a aphunzitsi. Sanawauze, poopa kuti amukalipira kapena amuseka. Kuyambira pamenepo phunziro lililonse limene ankaika linkatenga lokha dzina lomwelo, iye n'kuiwala n'komwe kuti lilipo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Eni mphamvu atsopano anatseka zipata za sukulu kwa atsikana akuluakulu, aphunzitsi aakazi n'kuwauza kuti akadikire pakhomo mpaka adzawaitane. Sanawaitane. Shakiba anapitiriza kulemba maphunziro a thupi la munthu ali m'chipinda, ndipo Farangis, amene tsopano ankasamalira kaundulayo ali kunja, anasonkhanitsa maphunziro abwino kwambiri n'kuwamanga mtolo umodzi. Anaupatsa dzina looneka patali: Mtolo wa Atsikana Otsala Pakhomo. Ankafuna kuti aliyense aupeze mosavuta, ndipo aliyense anaupezadi mosavuta.

"Fufuta dzinalo," anatero Shakiba pafoni paja. "Fufuta zonse, ndi maphunziro omwe."

"Ndafufuta kale. Koma iwe ukudziwa mmene zimayendera. Kaundula wathu amagawana ndi anzake. A masukulu akunja, a mabungwe, onsewo amakopera zathu, enanso n'kukopera kwa iwowo. Waiwala mmene tinkaombera m'manja tikamva kuti phunziro lako lafika kwa anthu amene sitikuwadziwa? Ndalembera onse amene ndikuwadziwa. Ena ayankha mwezi wamawa, ena sadzayankha mpaka kalekale. Ndipo anthu osaka aphunzitsiwa anakopera kale zawo."

"Ndiye nditani?"

"Bambo ako achokemo mumzinda."

"Ng'anjo aisiyire ndani? Nanga ndikawauza kuti akuthawa chiyani? Iwo sakudziwa chilichonse."

"Sakudziwa?" Farangis anapuma mozama. "Mulungu atithandize. Ine ndi dzina la mtolo langa lija, iwe ndi ulemu wakowo, tawaphika bambo wa eni ake."

Foni itaduka, Shakiba anaganiza nkhani yonse kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo mchira wake unali umodzi. Akawatenga bambo ake, adzawapatsa pepala kuti awerenge. Adzaligwira chadodolido. Pamenepo funso lotsatira ndi losavuta, ngakhale chitsiru chingalifunse: m'nyumba mwanu amadziwa kuwerenga ndani? Idris ali ku Iran. Amayi sadziwa chilembo. Watsala mmodzi.

Masana a Yaqub anabwera kuchokera ku ng'anjo monga mwa masiku onse, buledi wotsala atamukulunga m'nsalu, mikono yawo yopanda ndi kaubweya komwe chifukwa cha moto wa zaka zambiri. Anakhala pansi, mwana wawo n'kuwathira madzi m'manja. Shakiba anatsegula pakamwa kuti anene, koma chimene chinatuluka ndi funso lakuti tiyi awaikire shuga kapena ayi. Mawa lake chimodzimodzi. Mantha ali ndi khalidwe loipa, amakuuza kuti ukakhala chete mwina tsoka lidutsa osakuona.

Inali nyengo ya mphepo yosatopa, yodzaza fumbi m'mano. Chipata chachitsulo chikagwedezeka, Shakiba ankadzidzimuka. Njinga yamoto ikaima mumsewu, ankasiya kupuma mpaka ailizenso. Kompyuta yake anaikwirira m'thumba la ufa, kenako anaitulutsa n'kuibisa pansi pa mabulangete a nyengo yozizira, kenako anaibwezeranso mu ufa, ngati kuti vuto linali kompyutayo. Amake Idris anamuyang'ana akutokosa mpunga osadya, n'kunena kuti mwana ameneyu akufunika mwamuna, palibe china.

Amene anagogoda pomaliza sanali amuna a mifuti. Anali Haji Sattar, mkulu wa dera lawo, bambo wonenepa wokonda nthabwala, amene nkhani zonse za boma zinkadzera kwa iye. A Yaqub anamulowetsa m'chipinda cha alendo. Shakiba anabweretsa tiyi mpaka pa nsalu yotchinga khomo, bambo ake n'kulandira, iye n'kutsalira kuseri kwa nsaluyo pamodzi ndi amayi ake.

"Khalifa Yaqub," anayamba Haji, poti ophika buledi amatchulidwa choncho, "mwatibisira ife anansi anu. Ndimati mumangopsereza buledi, kani mumalembanso mabuku?"

"Mabuku a chiyani, Haji?"

"Andiitana kuofesi kuja m'mawa uno. Akuti pa intaneti pali maphunziro a atsikana, za magazi, za mtima, kaya za chiyani, ndipo wolemba wake ndi Yaqub Sarwari wa ku Darbi Khush. Kuno Yaqub Sarwari alipo mmodzi. Akukufunani Loweruka m'mawa, ndipo ndikuperekezeni ndine." Haji anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti Khalifa sasiyanitsa chilembo ndi ndowe ya mbuzi. Koma nkhope zawo sizinali zonena nazo nthabwala, ndiye ndinangomeza."

Kudzera pakamng'alu ka nsalu Shakiba anaona bambo ake akuyang'ana m'kapu ya tiyi, kenako maso awo anakwera pang'onopang'ono mpaka pa nsaluyo, n'kubwereranso m'kapu.

"Mwachita bwino kumeza, Haji," anatero a Yaqub, "chifukwa mukananama. Inu munasamukira kuno ine maso atapsa kale ndi ng'anjo. Ndili mnyamata ndinaphunzira."

"Inu?"

"Ine amene. Loweruka mudzandipeza nditavala."

Haji atatuluka, amake Idris sanadikire kuti chipata chitsekeke bwino. Anamugwira Shakiba paphewa n'kumugwedeza ngati mtengo wa zipatso.

"Iwe mwana wopanda manyazi! Dzina la bambo ako waliyala pamsewu kuti agalu alipondeponde? Tinakutumiza kusukulu kuti udzatikumbire manda?"

"Musiye, make Idris," anatero a Yaqub akulowa. "Akanalemba dzina lake, ndi iwe amene ukanayamba kumuthyola msana, anthu a boma asanafike. Wachita zimene tinamuphunzitsa."

Mawu amenewa anamupweteka Shakiba kuposa mbama. Anagwada pamaso pa bambo ake n'kulira monga sanalirepo chikulire.

"Baba jan, ndipita ndine. Ndikanena kuti ndinalemba ndine, inu simunadziwe. Ndi zoona zokhazokha."

"Zoona," anatero a Yaqub, ngati akulawa chinthu chowawa. "Tamvera. Ine ndikalowa m'nyumba imene ija, kaya anditsekera, kaya andimenya, tsiku lotuluka ndidzatuluka ndili Yaqub yemweyo, anthu n'kubwera kudzandipepesa. Iwe ukangogonamo kamodzi, ngakhale asakukhudze ndi chala, pakamwa pa anthu padzakutsiriza. Ndipo ndani wakuuza kuti sangakukhudze? Usadzanenenso zimenezo m'nyumba muno."

"Koma adzakupatsani pepala kuti muwerenge."

"Maso anapsa, sunamve? Ndinkanena pakamwa, wolemba makalata wa kumsika n'kumandilembera pa kompyuta. Wolembayo anapita ku Iran chaka chatha, akamufune kumeneko." Anakanda ndevu. "Koma anthu aja si ana. Adzati, ngati unalemba ndiwe, tatiuza zimene zili m'menemo. Pamenepo ndiye pali ntchito. Pukuta misozi, mphunzitsi. Uli ndi mwana wasukulu mmodzi, ndi wokalamba, ndipo mutu wake ndi wouma ngati buledi wa dzana."

Sukulu inayamba tsiku lomwelo m'chipinda chosungira ufa, chimene chinalibe zenera loyang'ana kumsewu. A Yaqub ankachoka ku ng'anjo dzuwa likangopendeka, n'kukhala pa thumba, manja pamaondo, ngati mwana woopa chikwapu. Shakiba anawaza ufa pa thabwa lokandira buledi n'kujambula mtima ndi chala.

"Uli ndi zipinda zinayi, Baba jan. Ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere."

"Zinayi? Ndiye mtima wanga ukuposa nyumba yanga. Make Idris, wamva? Wakhala ukudandaula za malo, chikhalirecho ndikuyenda ndi zipinda zinayi m'chifuwa."

"Zonse zodzaza utsi," anayankha amake Idris ali pakhomo, pamene ankalondera chipata. "Phunzirani, nkhalamba inu, musiye zocheza."

Magazi otopa ochokera m'thupi amalowa kumanja, amapita kumapapo kukatenga mpweya, amabwerera kumanzere, kenako amatumizidwa thupi lonse. A Yaqub ankabwereza mawuwo akugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo monga anaphunzirira mapemphero ali mwana. Poyamba ankasokoneza zonse. Mapapo ankawaika m'mimba, mitsempha ankaitcha matumbo, ndipo Shakiba, amene sanakwezepo mawu kwa bambo ake, anadzipeza akunena kuti, "Ayi! Yambiraninso!" Iwo ankayambiranso osanyinyirika.

Koma munthu amene sanadalirepo pepala amasunga zinthu m'mutu, ndipo mutu wa a Yaqub unali nkhokwe. Atamaliza mtima analowa mapapo, kenako impso, kenako mmene chakudya chimayendera. Anaphunzira mitu ya maphunziro onse motsatana mmene inalili mu kaundula. Ankabwereza akukanda ufa ku ng'anjo, milomo ikugwedera popanda mawu, mpaka makasitomala anayamba kunong'onezana kuti Khalifa wayamba kupemphera kwambiri, mwina akudwala.

Lachinayi, bambo ake akufotokoza ulendo wa magazi osapunthwa, Shakiba anamva chimwemwe cha mphunzitsi chikukwera pachifuwa. Chisanafike kukhosi chinasanduka mantha. Anazindikira chimene ankachita. Yankho lililonse lolondola linali njerwa ya chipinda chowatsekeramo, ndipo woumba njerwazo anali iye. Akakhoza, awasunga. Akalephera, awathamangitsa ngati nkhalamba yabodza, n'kubwera kudzatenga mwini nkhani. Anayang'ana mikono yopsa ija, msana wopindika uja, chifuwa chimene chinkalira ngati chitseko nyengo yozizira iliyonse. Munthu wotere angapirire simenti ya m'ndende?

"Palakwika pang'ono, Baba jan," anatero osawayang'ana. "Magazi akachoka kumapapo amabwerera kumanja."

A Yaqub anasiya kugwedezeka.

"Kumanja?"

"Eya. Ndipo impso zimathandiza kupuma. Mukakumbukire zimenezo."

"Dzulo unati kumanzere. Dzana unati kumanzere. Unachita kundikalipira nditanena kumanja." Anamuyang'anitsitsa. "Tandiyang'ana, Shakiba."

Dzina lake sankalitchula kawirikawiri, ndipo polimva anakweza maso.

"Ukufuna ndikagwe pamaso pa anthu aja?"

"Ndikufuna mubwerere kunyumba."

"Ndibwerere kudzatani? Kudzawatsegulira chipata pobwera kudzakutenga? Ndiime apo ndi ndevu zangazi, ndikuonerera akukukweza m'galimoto?" Mawu awo sanakwere. "Ine sindinakupatse munda, sindinakupatse golide. Sukulu yako ndinailipira ndi mikono iyi, ndipo tsiku limene unalandira satifiketi ndinagawa buledi waulere msewu wonse, anthu n'kumati ndapenga. Lero ukufuna kundimana chinthu chimodzi chimene ndingakuchitire? Ukandinamizanso, sindidzakukhululukira, pano kapena pamaso pa Mulungu. Magazi amabwerera kuti?"

A Yaqub anasendera pafupi n'kufunsanso.

"Amabwerera kuti, mphunzitsi?"

"Kumanzere," ananong'ona.

"Impso?"

"Zimasefa magazi."

"Basi. Tsopano undifunse ngati mmene angandifunsire iwowo. Usandimvere chisoni. Undizungulire, unditchere misampha."

Ndipo anawafunsadi, tsiku limenelo ndi Lachisanu lonse atabwera kumapemphero. Anawafunsa chakutsogolo ndi chakumbuyo, kuwadula pakamwa, kuwanamizira kuti alakwitsa pamene sanalakwitse kuti aone ngati agwedezeka. Sanagwedezeke. Pa ana onse amene Shakiba anawaphunzitsapo, panalibe amene anamukonzekeretsa mayeso bwino chotere, ndipo panalibe amene anamufunira kulephera ngati ameneyu.

Loweruka ng'anjo sinayatsidwe. A Yaqub anavala malaya awo oyera a pa chikondwerero, nduwira yatsopano, ndi magalasi okhuthala a malemu mkulu wawo, amene ankawachititsa kuona zinthu ziwiriziwiri. Anapunthwa pa chiundo cha khomo.

"Taonani dokotala wathu," anatero amake Idris, akuwakonza kolala imene inali yokonzeka kale. "Mukagwera m'ngalande musanafike n'komwe." Kenako nkhope yawo inaphwasuka, anatembenukira kukhoma.

Shakiba anagwira buku lopatulika m'mwamba pakhomo kuti bambo ake adutse pansi pake, monga amachitira kwa wapaulendo. Anadutsa, anapsompsona bukulo, n'kuika dzanja pamutu pa mwana wawo kanthawi kochepa. Dzanjalo linkanunkha utsi ngakhale analisamba ndi sopo. Kunja Haji Sattar anatsokomola. Chipata chinatseguka, chinatsekeka, amake Idris n'kuwaza madzi kumbuyo kwawo kuti ulendo ukhale wobwerera.

M'mawa umenewo unatalika ngati chaka cha njala. Anansi ankatuma ana kudzafunsa chifukwa chake kulibe buledi, amake Idris n'kumayankha kuseri kwa chipata kuti Khalifa wapita kuchipatala cha maso. Shakiba anayala mkeka wake wopempherera, anaimirira, anakweza manja, n'kusowa chopempha. Akati Mulungu awathandize kukumbukira, ndiye kuti akupempha ndende ya bambo ake. Akati awaiwalitse, ndiye kuti akupempha galimoto ija iime pachipata, ndi temberero la bambo ake pamwamba. Anakhala choncho manja ali m'mwamba mpaka anachita dzanzi. Pomaliza anavala nsalu yake yakunja n'kukhala pafupi ndi khomo, nsapato kuphazi, kuti akabwera asamupeze osavala.

Dzuwa linafika pamutu. Kuitana kwa mapemphero a masana kunamveka, kunatha. Mphepo inayamba kumenya chipata, ndipo nthawi iliyonse mayi ndi mwana ankayang'anana. Njinga yamoto inaima pafupi, wina anaseka, inapitirira. Mthunzi wa khoma utafika pa chitsime, kunamveka kugogoda kwa munthu mmodzi, kofooka.

Amake Idris anatsegula pang'ono n'kubisala kuseri kwa chitseko. Shakiba anathawira m'chipinda, kuseri kwa nsalu. Haji Sattar analowa phazi limodzi m'mpanda, maso ali pansi. Anali yekha.

"Mlongo wanga," anatero, "ine ndakhala ndi anthu ambiri, koma zimene ndaona lero sindinazionepo."

"Ali kuti bambo ake a Idris?"

"Poyamba anamuseka. Anati wophika buledi angalembe za mtima? Anamupatsa pepala, iye anati maso anapsa. Mkulu wawo anati chabwino, bodza lili ndi miyendo yaifupi, n'kuitanitsa munthu wawo wina amene anaphunzirako za udokotala. Anamufunsa uku, anamufunsa uku. Anamubweza kumbuyo, anamunamiza dala kuti walakwa. Khalifa anangoti, mwana wanga, kawerengenso buku lako. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Mpaka wofunsayo anatukula manja, anati munthuyu ndi mwini wake wa maphunzirowa, palibenso wina woti timufune."

"Ndiye ali kuti?"

Haji anati, "Amusunga."

"Mpaka liti?"

"Sananene. Ndinafunsa, anandiuza kuti ndizipita ndisanalowe nawo. Mawa ndiyesa kupititsa bulangete ndi mankhwala ake a chifuwa, mundikonzere."

Amake Idris anatsamira chitseko. Kuseri kwa nsalu, Shakiba anatsetsereka ndi khoma mpaka pansi. Haji sanachoke. Anayang'ana kumsewu, kumanja ndi kumanzere, n'kutsitsa mawu.

"Pali china. Pomaliza anamufunsa kuti m'nyumba mwake mumakhala ndani. Anati iye ndi mkazi wake wokalamba, basi. Anati nanga ana? Anati Mulungu anamupatsa mmodzi yekha, wamwamuna, ali ku Iran. Mkulu uja anatembenukira kwa ine, poti dera lino ndimalidziwa ndine." Haji anapukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya nduwira. "Ndinavomera, mlongo wanga. Ndinati ndi zoona. Tsopano khosi langa lili pamodzi ndi lanu. Anthu aja aziyendayenda mumsewu muno masiku akubwerawa. Pachipata pasaoneke munthu wina, pachingwe pasayanikidwe zovala za mtsikana, ndipo anansi ndilankhula nawo ndekha. M'nyumba muno muli anthu awiri."

Chipata chinatsekeka. Mapazi a Haji anamveka akutalikira mpaka anazimirira mu mphepo.

Kulira kunakwera kuchokera m'mimba mwa Shakiba, kwakukulu, kofuna kung'amba denga. Khoma la anansi linali lopyapyala, ndipo kuseri kwake kunali msewu. Anakunga nsonga ya nsalu yake, anaiika m'kamwa n'kuiluma ndi mano onse, chifukwa m'nyumba ya nkhalamba ziwiri simumveka kulira kwa mtsikana.